Matukwano Amene Ndinabwera Nawo ku Glasgow

Lolemba
A Dougie, a khomo loyang'anana ndi lathu, sanakolopenso masitepe. Mu mdadada wathu uno wa ku Springburn timasinthana kukolopa sabata ndi sabata, koma yawo ikafika, chidebe amanyamula ndi mwana wanga Esinati, chonsecho wabwera wotopa kuntchito. Ndiwatukwana basi. Sukulu sindinapondeko, zilembo ndinaphunzirira pa mabokosi a tiyi, koma Chingerezi chotukwanira ndili nacho chodzaza nkhokwe. Bwana amene ndinkamuphikira ku esiteti ku Thyolo ankandisambitsa nacho m'mawa uliwonse.

Lachiwiri
Zida zanga: ninkompupu, dandahedi, munikafu, kilodipolo. Onsewa akutanthauza chitsiru. Lomalizalo linkabwera ndikapsereza buledi, ndipo mpaka lero ndikalikumbuka kukhosi kumauma. Ndikuyeserera pagalasi. Jekete ndasita.

Lachitatu
Ndagogoda. "Dandahedi!" A Dougie angoyamba kugwetsa misozi. Akuti malemu bambo awo, amene ankapanga mainjini a sitima konkuno, ankawatchula choncho, ndipo chimwalirireni sanalimvenso. Andikumbatira. Masitepe osakolopa.

Lachinayi
Ndaponya ninkompupu. Aseka mpaka kutsamira khoma, ati ndibwereze. Masana abwera ndi supu. Ndisaname, supuyo ngwabwino.

Lachisanu
Esinati wafufuza pafoni. "Ababa, mawu awatu anakalamba. Munikafu ndi kilodipolo ngakhale azungu eniake anawaiwala. Bwana wanuyo ayenera kuti ankawatola m'mabuku akale." Ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikusenza mitembo?

Loweruka
A Dougie anditengera ku kalabu ya nkhalamba ndi kundiimika kutsogolo. Ndikutukwana holo yonse, mmodzimmodzi, iwo akuwomba m'manja. Mayi wina wa ndodo akudandaula kuti ndamudumpha, akufuna munikafu akhale wake. Tiyi, masikono, jamu. Kilodipolo ndalitchula mokweza, kawiri, kukhosi osauma. Ndadabwa.

Lamulungu
Kutchalitchi ndathokoza Mulungu. Bwana uja anapita, mawu ake anaguluka mano, ine ndilipo, ndipo mzungu akundiphikira supu. Zotukwana ndagonja nazo: chida chanji chimene mdani amapempha kuti umumenyenso nacho? Ndapezapo mnzanga, sindikana. Koma masitepe akadali bii, ndipo Esinati msana ukumuwawa. A Dougie, chidebe ndi chikolopa ndaika pakhomo panu. Kolopani lero, mwana wanga apume.