Ngowe Zanu Zokongoletsa Khoma

Kwa Olemekezeka Bwana Mkulu wa kampani imene inamanga nyumba zatsopano kuno ku Kanasín,

Bwana,

Ine ndine Eulalio Cauich, wodula khonje amene anapuma ntchito. Sukulu ndinalekezera kalasi yachiwiri, choncho ndikulankhula pang'onopang'ono, mwana wanga Nidia akulemba. Ndamuletsa kukometsa mawu.

Ana ndili nawo anayi. Wilberth amayendetsa basi ya ku Cancún, zaka khumi ndi zisanu osagunda ngakhale galu. Landy ndi namwino, jakisoni wake sapweteka. Nidia ndi mphunzitsi. Efraín anapita kumpoto kukatsuka mbale, lero ndiye amalamula kukhitchini. Ana amenewa anasonkherana n'kutigulira nyumba yanu nambala 47, ine ndi mayi awo Fidencia, kuti tikalambire pabwino. Ndalemba kuti ndikuthokozeni.

Choyamba, zikomo chifukwa cha mnyamata wanu woyendera nyumba, wachisoti choyera uja. Tsiku lotipatsa makiyi anatsegula mipopi, anayatsa magetsi, anagogoda khoma ndi chala chimodzi n'kutchera khutu ngati dokotala. Ngowe zachitsulo zimene munaika m'makoma, zokolowekapo hamaka, ukonde wogonamo, anaziwerenga bwinobwino: zisanu ndi zitatu. Anachonga papepala. Kuzikoka sanazikoke. Munthu wophunzira sakoka zinthu.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha zenera latsopano. Mukudziwa kuti kuno n'kotentha, bedi ndi la odwala, ife timagona lendelende m'hamaka, ukonde wathu waulusi uja. Tsiku lachitatu masana, nditakhuta, ndinakoloweka hamaka yanga n'kugonamo. Ngowe inazuka pamodzi ndi chibenthu cha khoma chachikulu ngati beseni, ine pansi khu! Fidencia anayamba waseka mpaka misozi, kenako n'kufunsa ngati ndili moyo. Pabowopo tsopano timaonana ndi a Primitivo a nyumba 48, ndipo timapatsana moni ndi mchere osatuluka panja.

Chachitatu, pepala lanu la galanti, lolonjeza kukonza chowonongeka chilichonse kwa chaka chathunthu. N'lokongola, lili ndi chidindo chagolide. Tapita nalo ku ofesi kwanu kanayi, ndipo mipando yanu ndi yofewa, madzi ndi ozizira. Kumeneko anatifotokozera mwaulemu kuti ngowezo n'zokongoletsa khoma, ndipo wokolowekapo hamaka wagwiritsa ntchito nyumba molakwika. Bwana, zaka 78 ndakhala ndikugona molakwika osadziwa! Bambo anga anamwalira osadziwa. Tsopano Fidencia amazipukuta ngowezo m'mawa uliwonse kuti zikongoletse bwino, ife n'kumagona pamphasa. Kudzuka pamenepo kumanditengera nthawi yofanana ndi Misa.

Chachinayi, wachisoti uja anabweranso. Anajambula bowo mbali zitatu, kenako anafunsa kulemera kwanga. Makilo 58, Bwana, nditavala nsapato. Analemba, n'kunena kuti nkhani ikuunikidwa ndipo yankho lidzabwera mu Novembala. Galanti yathu ikutha pa 20 Okutobala. Nidia akuti mwachitira dala. Ine ndamukalipira: anthu okhala ndi chidindo chagolide sachita zinthu mwadala, kalendala yawo imangoyenda mosiyana ndi yathu.

Pempho langa n'laling'ono, ndipo ndikulipereka nditavula chipewa. Ine ndi Fidencia tikukwanitsa zaka makumi asanu tili m'banja. Kukubwera anthu 23, ana, apongozi ndi zidzukulu, aliyense atanyamula hamaka yake, ndipo sindikudziwa pozikoloweka. Tidzaphika nkhumba m'dzenje, yokulunga m'masamba a nthochi. Bwerani mudzakhale mlendo wathu wolemekezeka. Mukadzakhuta, tidzakukolowekerani hamaka yatsopano, yoluka Fidencia, pa ngowe ziwiri zimene mudzasankhe nokha mwa zisanu ndi ziwiri zotsalazo. Zikadzakunyamulani mpaka mutadzuka, ndidzapepesa pamaso pa ana anga onse. Zikadzakana, galanti idzakhala idakali ndi tsiku limodzi, ndipo pepala lolamula amisiri anu mudzasainira pansi pomwepo, osavutika kudzuka.

Mwambowu udzakhala Lamlungu pa 19 Okutobala, kuyambira masana, panyumba nambala 47.

Ine wanu wamng'ono, wogona molakwika,

Eulalio Cauich
(chala changa chili apa)