Galu Wobwereka

Anzanga, mpaka lero ndikamva galu akuuwa mtima umandiwawa, ndipo sikuti anandilumapo ayi.

Ndili Fomu 3, aphunzitsi a Chingelezi anatilembera pa bolodi nkhani zimene achinyamata a kunja amakonda akamacheza: nyengo, nyimbo ndi ziweto za m'nyumba. Ife kuno tikakumana ndi za mpira basi, ndi zoti usipa wafa bwanji. Ndinakopera zonse mu kope.

Tchuthi chitafika kunabwera Lena, mtsikana wa ku Jeremani amene mayi ake ankagwira ntchito pa loji ina ku Senga Bay. Ndinayeserera masiku atatu ndisanamuyandikire. Za nyengo zinatha nthawi yomweyo, poti ku Salima kumangotentha, nyimbo zake sindinkazidziwa, ndiye ndinamufunsa ngati ali ndi galu. Nkhope yake inawala! Anati anamusiya kwawo ndipo akumusowa, kenako n'kundifunsa ngati inenso ndili naye.

Ine mwana wa a Shehe, galu sanapondepo pakhomo pathu chibadwire changa. Koma mukanakhala inu mukanati chiyani? Ndinati ndili naye, dzina lake Taiga. Anati mawa abwera kudzamuona.

Ndinakabwereka galu wosakira kwa mnzanga wa kumtunda, kumusambitsa ndi sopo wa amayi, n'kumumangirira kuseri bambo ali ku mzikiti. Lena atafika anamumasula, eti chingwe chikumupweteka. Taiga sanachedwe, anadumphira pa thandala la usipa, kudya mpaka kukhuta, kenako n'kukagona pa mkeka wa bambo wopempherera umene amayi anauyanika panja. Ine kuitana, iye osacheuka n'komwe, nanga dzinalo linali lake?

Bambo anatulukira pomwepo. Anamupatsa moni Lena mwaulemu wonse, kenako anandiyang'ana.

"Yusufu, nanga mlendo winayu ndi wa ndani?"

Mkekawo ndinauchapa kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi, monga mwa lamulo la chipembedzo chathu, azichemwali anga akufa ndi phwete.

Lena anabwerera kwawo sabata yotsatira. Ndinamusowa koopsa, foni sinkachoka m'manja. Patatha miyezi itatu uthenga unabwera, umodzi wokhawo: "Taiga ali bwanji? Ndamusowa kwambiri."

Sindidzabwerekanso galu moyo wanga wonse. Koma ndinamuyankha kuti Taiga nayenso wamusowa, ndipo chichokereni iye sakudya n'komwe.