Che Zuberi ndi Geti la Kupaki

Ku Dukathole, komboni ya ku Germiston ku Joni, aliyense ankadziwa kuti Che Zuberi ali pankhondo ndi geti. Anzawo ankalimbana ndi apolisi kapena mabwana, koma mkulu ameneyu mdani wake linali geti la paki ina ya nyama, ulendo wa maola awiri kuchoka ku Germiston.

Nkhaniyi inayamba mu 1993, akazi awo Abiti Iddi atangofika kuchokera ku Machinga. Bambo anafuna kuwaonetsa mayi kuti ku Joni si zisakasa za malata zokhazokha, ndiye anatchena jekete, ulendo pa tekisi. Pageti anapeza chikwangwani cha mizere iwiri: nzika malandi khumi, alendo akunja malandi makumi anayi. Mlonda ataona pasipoti yawo yakuthaitha, analoza mzere wachiwiri.

Abale inu, panabuka moto. Mlendo ndani? Munthu woti analowa mumgodi mu 1968, nakumba golide mpaka chifuwa kumalira ngati wailesi yotha mabatire? Woti agalu onse a ku Edenvale, komwe ankadulira maluwa a azungu, ankamugwedezera michira? Anamuuza mlondayo kuti mlendo amavala kabudula, kamera pakhosi, mawondo ali psuu, ndipo anapinda buluku kuti aone yekha mawondo awo.

"Kwathu ku Liwonde njovu zinkabwera zokha kudzadya chimanga changa, sindinazilipiritsepo," anatero. "Lero ndilipire kanayi kuti ndione asuweni awo?"

Musaganize kuti unali umphawi, ndalama zinalimo m'thumba. Abiti Iddi anawachonderera kuti angolipira, dzuwa likuswa mtengo, koma ayi ndithu. Mayi anabwerera ataona mpanda wa waya ndi nkhanga ziwiri za mumsewu.

Kuyambira pamenepo, Lamlungu lililonse la kumapeto kwa mwezi Che Zuberi ankapita kukatsutsana ndi geti lija. Ulendo wina ananyamula kakhadi kawo ka kumgodi. Wina kalata ya dona wa ku Edenvale yonena kuti ndi munthu wokhulupirika. Tsiku lina anafika ndi chithunzi cha chifuwa cha kuchipatala, nachikweza padzuwa kuti alonda aone fumbi la dziko lawo lili phaa m'mapapo. Alondawo ankawapatsa mpando ndi madzi, koma yankho linali lomwelo: ID yobiriwira ya nzika basi. Madzulo Dukathole yense ankasonkhana pakhomo pawo kudzamva mmene mlandu wayendera, iwo akukalipa thovu lili kukamwa. Kunena zoona, nafenso zinkatinyansa. Munthu wakalambira konkuno, amuike mzere umodzi ndi Mjeremani wotsika ndege dzulo?

Mnzawo Osman, wogulitsa masokosi pa renki ya matekisi, ndi amene anabweretsa nzeru zoipa. Anabwereka ID ya Mzulu wina, Khumalo, wofanana nawo mphuno, nawaphunzitsa sabata yathunthu kuyenda monyang'wa ndi kuyankha mwachidule ngati mwini dziko. Pageti panali mlonda watsopano, kamnyamata, ndipo zonse zinayenda bwino mpaka tikiti inang'ambidwa. Koma kuleredwa bwino kumapweteketsa. Che Zuberi analandira tikitiyo ndi manja awiri, mawondo atapinda pang'ono, mutu ataweramitsa. Mlonda uja anaseka mpaka kugwira mpanda, nati palibe Khumalo wa imvi amene angamupindire mawondo iyeyo, awa ndi a ku Malawi basi. Panjira yonse Osman anamva zakuda. Che Zuberi anati zakhala bwino, chifukwa akanalowa akanakhala Khumalo, Zuberi akadali panja.

Mu 1996 boma linalengeza kuti anthu a m'maiko oyandikana amene akhalitsa akhoza kupempha mapepala. Mkuluyu anaima pamzere masiku atatu, najambulitsa atavala kofia yatsopano. Analonjeza kuti ID ikatuluka adzachita hayala tekisi yonse, akalowa pamzere wa nzika Abiti Iddi ali patsogolo, ndipo njovu akazipatsa moni imodziimodzi.

Chifuwa chija sichinadikire. Chinawatenga m'nyengo yozizira ya chaka chotsatira, ndipo monga mwa Chisilamu anaikidwa tsiku lomwelo, m'dothi la konkuno. Kalata yowaitana kuti akatenge ID inafika patatha masabata atatu.

Mwezi ukatha, Lamlungu ku Dukathole kunkangoti zii. Anthu ankadutsa pakhomo paja mofulumira, kusowa wowakalipirira dziko. Osman, mtima ukumupweteka, anapita kwa Abiti Iddi n'kuwauza kuti awaperekeze kupaki kuja, makumi anayiwo alipira iyeyo, akaoneko zimene bambo ankafuna kuwaonetsa.

Mayiwo anapinda kalata ija bwinobwino, naimanga pansonga ya chitenje.

"Ine ndikaime pamzere wa alendo?" anafunsa. "Che Osman, mukufuna amuna anga andimve?"