Lachinayi la a Mwanahawa

Kuno ku Kalembo aliyense akudziwa kuti malemu Che Sabiti anabadwa opanda mawu akuti "iyayi" m'kamwa. Mukawabwereka njinga ankakupatsani ndi pampu yomwe. Mukawapempha nkhuku ankafunsa ngati mpeni muli nawo.

Tsoka linadza atasankhidwa utcheyamani wa kalabu ya alimi a thonje. Bungwe lina linawapatsa foni yopalasa ndi chala ija, muli imelo ndi kalendala. Ine sukulu ndinalekera panjira, koma Che Sabiti ndinkawaposa: tizilembo timeneto ankati ndi nyerere zikusamuka. Ndiye anapita kumsika kwa mlamu wawo Yunusu, wotchajitsa mafoni, n'kumupatsa pasiwedi kuti aziwawerengera makalata ndi kuwayankhira.

"Alamu, ndiziyankha bwanji?"

"Monga ndingayankhire ineyo."

Basi, mbuzi inadzimangirira yokha pamtengo.

Yunusu analowetsa imeloyo mufoni yake n'kuyamba ntchito. Msonkhano wa mbewu ku Balaka, inde. Maphunziro a kasambidwe ka m'manja ku Phalula, inde. Atazindikira kuti m'kalendalamo angathe kulembamo zake, anawonjezera maukwati, masadaka, kulikonse konunkhira mpunga wa nyama. Tcheyamani sayenda wopanda mlembi, choncho Yunusu ankakhala pakaliyala, wopalasa Che Sabiti.

Foni ikalira kukumbutsa za m'kalendalamo, mkuluyo ankadzambatuka ngati aitanidwa kupolisi. Tsiku lina tili pabawo, ndatsala pang'ono kuwadya, yalira.

"Che Sabiti, malizani kaye."

"Yandiitana, achimwene."

"Kuti?"

"Kaya. Akudziwa ndi Yunusu."

Anakatulukira ku Chikweo, thako la buluku litaperepeseka, pamsonkhano wa amayi oyembekezera. Anakhala mpaka kumapeto, n'kuthokozanso m'malo mwa onse.

Ife tinkaseka, koma akazi awo a Mwanahawa ankangowaonera kumsana. "Kodi ndinakwatiwa ndi munthu kapena fumbi la njinga?" Anawapempha azikhalako pakhomo. Anati inde. Foni inalira, anatinso inde, ulendo. Mayiwo anaibisa m'thumba la chimanga, koma Yunusu anabwera yekha pachipata, yake ikulira m'manja.

Pomaliza a Mwanahawa anamanga chitenje n'kulunjika kumsika.

"Iwe Yunusu, ndinakubereka kumbuyo ine. Lemba. Lachinayi lililonse, msonkhano pakhonde pa Che Sabiti. Woitana Mwanahawa. Mlembi safunika."

"Mpaka liti, achemwali?"

"Pali poti mpaka kalekale?"

"Palipo."

"Dina pamenepo."

Lachinayi foni inalira. Che Sabiti anavala kofia yabwino, anatulutsa njinga. Atauzidwa malo a msonkhanowo, anaiyedzamitsa pakhoma, anavula nsapato, n'kukhala pamkeka mwaulemu wonse.

"Nkhani yathu lero ndi yotani, amayi tcheya?"

"Palibe. Tongolani mtedza."

Ndinadutsa dzuwa litapendeka, ndinawamva akuseka ngati ana.

Misonkhano imeneyo sinachuluke. Mvula isanagwe chifuwa chinawagwetsa, ndipo poti imfa nayo inaitana, mukudziwa kale mmene anayankhira. Pamaliro panadzaza anthu a ku Phalula, a ku Balaka, ngakhale amayi a ku Chikweo aja, makanda ali kumbuyo.

Tsopano njira yathu yachita zii, belu la njinga ija silimvekanso. Yunusu waonda. Pabawo palibenso wondithawa ndisanamudye, ndipo kudya kwake sikukoma. Makalata a bungwe analeka kubwera, koma Lachinayi lililonse foni ija imalirabe pawindo.

Sabata yatha ndinali kwa a Mwanahawa pamene Yunusu anafika, maso ali pansi.

"Achemwali, ikukuvutitsani. Ndifufute?"

A Mwanahawa anayala mkeka, anaika lichero la mtedza pakati, iwo n'kukhala mbali imodzi.

"Iyayi."