Maliro Anga pa Geti la Koleji

Kuno ku Area 23 mukafunsa dzina langa lenileni, anthu angoyang'anizana. Koma mungoti, "Kwa Malemu ndi kuti?" ngakhale mayi wogulitsa tomato akulozerani pashedi pomwe ndimawotcherera mafelemu a mawindo. Ndili moyo ndithu, ndimadya, ndimapsa mtima magetsi akathima ngati wina aliyense. Dzina limeneli ndinalitola chifukwa cha mpira wamanja, ndipo mpaka lero ndikaiganiza nkhaniyi msana umandiwawa.

Mwana wanga wamkazi, Tadala, amaphunzira pa koleji ina ya mumzinda muno (dzina sinditchula, ndavutika nayo kokwanira). Mtsikanayu ndi wamtali ngati mayi ake, ndipo akaugwira mpira pansi pa golo mutha kuyambiratu kuwomba m'manja. Sindikunena chifukwa choti ndi wanga ayi. Ankasewera mu timu ya kolejiyo, ndipo chimene ankalakalaka chinali chimodzi: makochi a matimu akuluakulu amabwera kudzaonera ligi ya makoleji, ndiye tsiku lina wina amuone, amutenge.

Koma timu yake, abale inu! Simenti ya pabwalo inali yong'ambikang'ambika, udzu ukumera m'ming'alu. Mpira unali umodzi, wochita kupopa pa hafu taimu. Yunifomu anaisiya ndi anthu amene anamaliza maphunziro Tadala akadali ku pulayimale. Golo limodzi litathyoka ndinakaliwotcherera ndine, ndi zida zanga, popanda wondiuza zikomo. Kochi kunalibe. Ankawayang'anira ndi mphunzitsi wina akapeza mpata, munthu woti malamulo a masewerowo ankachita kufunsa atsikana omwewo. Kuluza kunali kwa Loweruka lililonse. Masapota tinalipo kagulu ndithu: makolo, mavenda a pageti, anyamata a kabaza, ndi wapampando wathu a Kamwendo, kalipentala wa ku Biwi amene amakhoma mabokosi a maliro. Tinkaimba mpaka mawu kusasa, kenako n'kubwerera kunyumba mitu ili zyolizyoli.

Kuofesi tinapitako, osati kamodzi. Sekeletale ankatiyang'ana kuyambira kunsapato, n'kuti, "Abwana ali pa miting'i." Miting'i yake yosatha ngati matenda a shuga. Tinayesa kuima pageti ndi zikwangwani. Galimoto ya a Pulinsipolo, ya magalasi akuda bii, inatidutsa ngati ikudutsa mbuzi, n'kutisiyira fumbi m'kamwa. Ine nkhope yawo sindinkaidziwa n'komwe.

Ndiye tsiku lina Tadala anafika kunyumba n'kukhala pakhonde osavula nsapato.

"Adadi, akuti timu aichotsa mu ligi. Pabwalo paja azidzaimikapo magalimoto."

Sanalire. Bola akanalira. Anangotenga nsapato zake zosewerera n'kuzikankhira kunsi kwa bedi.

Masapota tinakumana kushedi kwa a Kamwendo, ena atakhala pamatabwa, ena pamabokosi omwe (mukazolowera, ndi mpando wabwinobwino). Tinalalata, tinatukwana, mpaka a Kamwendo anakweza dzanja.

"Anthu inu, tandiuzani. Chimene chimaimitsa galimoto iliyonse m'dziko muno n'chiyani? Maloboti? Amawadutsa ali ofiira. Ndi masamba basi. Mungoyala masamba a maliro pamsewu, ngakhale bwana wonyada bwanji amaponda buleki."

Tonse tinati eyaaa! Mfundo inamangidwa pompo: tichite maliro a timu. Bokosi alipereka a Kamwendo, pamwamba tiyalapo yunifomu yong'ambika ija, a Pulinsipolo akatsika a Kamwendo awauze kuti, "Timu yafa, mwaipha ndinu." Zikanathera pomwepo, lero bwenzi ndili ndi dzina langa. Koma pakamwa panga pamayabwa.

"Bokosi lopanda kanthu silikhudza mtima," ndinatero ine. "Mulowe munthu. Mukagogoda, adzuke ndi mpira m'manja, akuwe kuti, idzutseni timu yathu!"

"Alowe ndani?"

Onse anayang'ana kudenga. Ine ndinadzimenya pachifuwa. (Mayi ake Tadala sindinawauze, ndi munthu wa tchalitchi kwambiri, akanandimangirira pamwendo wa tebulo. Tadala nayenso sindinamuuze. Ndinkati adzangomva kuti bambo ake ndi ngwazi.)

Lolemba m'mawa tinafika nalo bokosi pa kagalimoto ka matola, n'kulitsitsa pansi pa mtengo pafupi ndi geti. Anyamata anathyola nthambi n'kuziyala pamsewu, mbali iyi ndi mbali iyo. Ine ndinalowa, mpira pamimba, vanishi akununkha mpaka m'maso. A Kamwendo anavundikira, n'kusiya chotsegula kachitseko ka kumaso kaja kuti ndizipuma.

Chimene tinaiwala n'chakuti masamba salankhula ndi a Pulinsipolo okha. Amalankhula ndi aliyense. Wanjinga woyamba anatsika n'kuyamba kukankha. Minibasi inazimitsa wailesi. Azibambo odutsa anavula zipewa. Amayi ogulitsa mandasi ndi chinangwa cha pamoto anavundikira mabeseni awo, n'kumangitsa zitenje, n'kudzakhala pansi mozungulira bokosi. Mmodzi anayambitsa nyimbo ya maliro, yeniyeni, ya mawu okoka aja, anzake n'kuilandira. Masapota athu, amene tinagwirizana kuti aimbe nyimbo za kubwalo, anachita manyazi. Zikwangwani anazitembenuza n'kuzikhalira, nawonso n'kuyamba kuvomera nyimbo. Ine m'katimo thukuta lili kamukamu, ndikungoti, Ambuye, galimoto ija ifike msanga.

Inafika. Ndinaimva ikuchepetsa liwiro, kenako zii. Chitseko chinatseguka. Ndinasuzumira ndi diso limodzi: kamunthu kakafupi, ka imvi, ka suti yotuwa. Munthu amene tinamusaka mpaka nsapato kutha anabwera yekha ndi miyendo yake, manja kumbuyo, n'kunjuta pafumbi pafupi ndi a Kamwendo.

"Pepani, pepani kwambiri. Atisiya ndani?"

Apa ndi pamene a Kamwendo ankayenera kunena mawu athu aja. Ndinadikira. Ndinamva akumeza malovu. Anayang'ana amayi aja, ena misozi ili chuchuchu, ndipo anaona kuti akangoti ndi sewero, satuluka wamoyo.

"Atisiya bambo a Tadala, bwana. Sapota wathu wamkulu."

Ha! Ndinatsala pang'ono kutsokomola.

"Anadwala nthawi yaitali?"

"Ayi bwana, mtima. Atangomva za bwalo lija, anangoti khu! pansi. Ndiye anasiya mawu akuti, ndikadzafa mudzandidutsitse pakoleji, nditsanzike bwalo langa."

Munthu wokhoma mabokosi amadziwa kulankhula pamaliro, ndikuuzeni. Amayi aja anawonjezera kulira. Ndinamva nsapato zikuyandikira, ndinatseka maso n'kuumitsa nkhope. Mthunzi unagwa pamaso panga, kafungo ka perefyumu wodula kakundilowa m'mphuno.

"Kodi si bambo aja anawotcherera golo lathu?" anatero a Pulinsipolo chapansipansi. "Ndinkawaona pawindo. Munthu wodzipereka."

Ankandiona pawindo! Nthawi yonse ija tikuuzidwa za miting'i, munthuyu ankandiona ndikupsa ndi dzuwa pabwalo lake, osatuluka n'kudzati mwaswera bwanji. Mtima unandiwira moti akufa enieni akanandimva kutentha.

Kenako anaimirira n'kukonza kukhosi. Nyimbo inaleka.

"Anamfedwa, ndi nonse mwabwera. Ife a koleji tachita manyazi. Ndikunena pamaso pa malemuwa: bwalo lija sitiikapo magalimoto. Tilikonza. Timu ibwerera mu ligi, tipeza kochi weniweni, tigula yunifomu ndi mipira. Ndipo bwalolo lidzatchedwa dzina la bambo amenewa."

Anthu anang'ung'udza movomereza, wina kumbuyo anati Mulungu akudalitseni, bwana. Ine misozi inayenderera mpaka m'makutu. Zonse zimene tinapempha tili chiimire, zinaperekedwa nditagona chagada. A Kamwendo anawerama ngati akukonza yunifomu ija pabokosi, n'kundinong'oneza:

"Musagwedezeke. Mwafa basi. Tikakudzutsirani ku Biwi."

Zoti mawa lake ndidzayenda bwanji mumsewu, palibe anaziganiza. Ndinavomera ndi chikope. Kunena zoona, kufa kunayamba kundikomera.

Ndiye ndinamva kukuwa kuchokera m'kati mwa mpanda. Wina anali atathamangira kukalasi kukamuuza Tadala.

Mawu a mwana wanga ndimawadziwa. Ndinawamva ali khanda, ndinawamva akuitanitsa mpira pabwalo, ndinawamva akukangana ndi mayi ake. Koma awa ndinali ndisanawamvepo, ndipo sindifuna kudzawamvanso. Anthu anapatuka, iye anadzagwera pabokosi mpaka linagwedezeka.

"Adadi! Adadi inu! Si m'mawa womwe uno mumandiuza kuti nditenge juzi? Mwandisiya ndi ndani? Mpirawo ndausiya, adadi, ndausiya, dzukani!"

Dzanja lake linalowa pakachitseko paja n'kundigwira tsaya. A Kamwendo anatsamira chivundikiro ndi chigongono, ndikumva matabwa akulira. Ndinayesetsa, anthuni, Mulungu ndi mboni. Ndinaganiza za bwalo, za kochi, za dzina langa lolembedwa ndi penti pakhoma. Koma ndi bambo uti angagone phee mwana wake akulira choncho?

"Tadala, usalire. Ndili bwinobwino."

Ndinakankha chivundikiro, a Kamwendo n'kugwa chagada, ine n'kukhala tsonga. Mpira uja unagwa m'bokosi n'kuyamba kudumphadumpha kulowera kumsewu.

Mayo ine, chipwirikiti chake! Mandasi anamwazika, masilipasi anatsala okhaokha pansi pa mtengo. Mayi amene anayambitsa nyimbo uja analumpha ngalande osaikhudza n'komwe. A Pulinsipolo, ndi imvi zawo zija, anafika pagalimoto ndi liwiro loti timu yathu ikanakhala nalo bwenzi tili ndi chikho. Ine poona kuti zinthu zatayika kale, ndinati bola ndimalize ntchito imene ndinabwerera. Ndinakweza manja n'kukuwa kuti, "Idzutseni timu yathu!" Palibe anawomba m'manja.

Amayi aja atazindikira kuti si mzukwa koma chitsiru wamba, anabwerera. Anatola nthambi zomwe zija tinayala pamsewu. Ndinakwapulidwa ndili m'bokosi momwemo, miyendo itakanirira, pothawira palibe.

"Ndakulirirani ndi misozi yanga yeniyeni, galu inu!" anatero mayi wina wachikulire, akundisasantha pamsana. "Mandasi anga mundilipira!"

A Kamwendo, wapampando wathu wolimba mtima, anali atakwera kale kabaza. Nditapulumuka ndinathamangira kugalimoto kuja, masamba ali m'mutu, n'kugogoda pagalasi. Linatsika pang'ono, pongokwana maso.

"Bwana, pepani, koma zimene mwalonjeza zija..."

"Ndalonjeza malemu," anatero a Pulinsipolo. "Inu sindikukudziwani."

Galasi linakwera. Nditacheuka, Tadala anali ataima patali, anzake a m'kalasi atamuzungulira, ena akujambula ndi mafoni. Anandiyang'ana kamodzi kokha n'kulowa m'geti.

Kunyumba uthenga unali utandidutsa kale panjira. Ndinapeza mipando ya pabalaza ili panja, amayi a kutchalitchi adzaza m'nyumba, achimwene anga akwera kale minibasi ku Dowa. Nditalowa pageti ena anathawira kuseri kwa bafa. Mayi ake Tadala, maso ali psuu, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Mwabwera kudzatani? Ife takonza kale zonse."

Za kutchalitchi ndi za akuluakulu a m'dera sindinena, zingatalike. Mungodziwa kuti ndinapepesa anthu ambiri kuposa amene anabwera paukwati wanga.

Pabwalo paja lero pamaima magalimoto. Anathirapo phula losalala bwino, loti atsikana aja sanalionepo ngakhale kutulo. Ndalama zake zinapezeka msangamsanga, zodabwitsa. Golo limene ndinawotcherera lija analisiya, ati n'lolimba, amamangirirapo tcheni chotsekera polowera. Ndikadutsapo ndimayang'ana kumbali.

Tadala anakhala nthawi yaitali osandilankhula. Nsapato zija zikadali kunsi kwa bedi. Tsiku lina magetsi atathima, ndili khale pashedi, anabwera n'kukhala pa chitsulo pafupi nane. Kenako anati:

"Adadi, mutatsegula maso paja ndinasangalala, osanama. Sindinasangalalepo choncho chibadwire."

Ndinati zikomo mwanawe.

"Komabe mukanapirira pang'ono. Galimoto ija ichoke kaye."

Ndaphunzirapo chiyani? Anthu amayembekeza kuti ndinena zoti maliro si masewera. Chabwino, si masewera, msana wanga ukudziwa. Koma chimene ndinaona ine ndi maso anga (diso limodzi, kunena zoona) n'chakuti akuluakulu athuwa makutu ali nawo, mtima ali nawo, ngakhale ndalama ali nazo. Amangodikira kuti wopemphayo aleke kupuma.

Ndiye ndinawauza a Kamwendo kuti bokosi lija asagulitse, ndinaliyesa kale, limandikwana. Tsiku langa lenileni likadzafika, adzayale masamba pageti pomwe paja, adzanene mawu omwe aja. Ulendo umenewo Tadala adzalire mmene angalirire, ine sindidzadzuka.