Tsiku limene anandifukiza ndili bwinobwino

Anzanga, ine manyazi adzandipha tsiku lina. Koleji itatsekedwa chifukwa cha korona ndinabwerera kwathu kwa Mposa, ndipo patangotha mwezi amalume anamwalira kuchipatala ku Balaka, mpweya utawathera. Kuyambira pamenepo amayi ankadzidzimuka wina akangotsokomola, ine mtima unkangothamanga wokha popanda wondithamangitsa.

Ndiye ndinakumbukira zimene mlangizi wa ku koleji anatiphunzitsa: khala phee, tseka maso, dzanja pachifuwa, koka mpweya pang'onopang'ono, usunge, utulutse, ndipo phokoso lililonse ungolimva n'kulisiya lidutse. Chovuta n'chiyani pamenepo? Ndinayala mkeka kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, n'kugona chagada.

Ndili mkati mokoka mpweya ndinamva mawu a Abiti Juma, oyandikana nafe nyumba: "Aginesi! Iwe Aginesi!" Ine, mwana womvera aphunzitsi, ndinalisiya phokosolo kuti lidutse. Silinadutse. Linathamangira kwa amayi likukuwa, "Bwerani msanga, mwana akubanika!"

Potsegula maso, amayi ali chiimire, ndowa yagwera pansi, nkhope yawo ngati ya tsiku la maliro lija. Apa mpamene munthu wanzeru akanati, "Iyayi, ndili bwino." Koma ndikanayambira pati, azimayi anayi atafika kale, aliyense chitenje kukamwa, maso onse pa ine? M'malo moyankhula, ndinangotsokomola kamodzi. Kamodzi kokha! Basi, mlandu unathera pomwepo.

Abiti Juma anathyola masamba a bulugama, wina anabwera ndi mandimu, madzi anawira, ine anandiweramitsa pa mphika n'kundifunditsa bulangete. Kutentha kwa ku Machinga mumakudziwa, ndiye onjezanipo nthunzi. Ndinati ndingopirira, zitha. Koma ndili m'katimo, thukuta kamukamu, ndinamva dzanja la amayi pamsana panga, iwo akunong'ona, "Ambuye, uyu yekha ndisiyireni."

Sindinathenso. Ndinavundukula bulangete, mamina ndi misozi zonse pamodzi: "Amayi, sindikudwala! Ndimaphunzira kupuma kuti mtima ukhale pansi."

Amayi anandigwira pamphumi, n'kuika khutu pachifuwa panga nthawi yaitali ndithu, kenako anakhala pansi n'kuyamba kuseka misozi ikutsika. "Kuphunzira kupuma? Mwana iwe, ine ndinakubereka ukupuma kale!"

"Ndiye madziwa apite pachabe?" anatero Abiti Juma. "Bwerera m'bulangetemo." Ndipo ndinabwerera, nanga ndikanakana ndi pakamwa pati?

Mawa lake amayi anandikokera kuchipinda n'kutseka chitseko. "Tandionetsa zakozo, nanenso mtima sukundipatsa mtendere. Koma maso sinditseka, ndizikuyang'ana iweyo."

Tinapuma limodzi, iwo maso ali pa ine. Koma ndinalumbira: panja, anthu akuona, sindidzapumanso mwasukulu.