Mlatho Wanga wa Nsungwi ndi Suti ya a Mwale

Mukadzafika pa Nsaru n'kumva anyamata a kabaza akufuula kuti "Injiniya, muwoloke bwino!" mudzadziwe kuti wadutsayo ndine. Ndimangoyang'ana kutsogolo ngati munthu wa maganizo akuluakulu, koma mumtima ndimakhala ndikuwira, chifukwa mpaka lero ndikukanitsitsa kuti wolakwa sindinali ine.

Ndine mtsikana woyamba m'mudzi mwathu kupita ku yunivesite, ndipo anandisankha kukachita za uinjiniya wa misewu ndi milatho. Mayina atatuluka, bambo anga, omwe ndi mkulu wa mpingo komanso mlimi wa fodya, anakaimirira m'tchalitchi n'kulengeza nkhaniyi pakati pa uthenga wa maliro ndi wa msonkhano wa amayi. Dzina langa linathera pomwepo. Aliyense ankangoti Injiniya, ndipo holide iliyonse pakhonde pathu pankadzaza mawailesi akufa, matochi, ngakhale mpope wopopera fodya mankhwala. Ndikawauza kuti zimenezo si za gawo langa, ankachoka akung'ung'udza kuti sukulu za masiku ano n'zongomaliza makolo. (Chaka choyamba chonse tinathera pa masamu ndi kujambula mizere. Chinthu chokhacho chimene ndinali nditamanga ndi manja anga chinali chingwe choyanikapo zovala ku hositelo.)

Nditamaliza chaka chachiwiri, holide inagwa m'dzinja. Mayi Phiri, mphunzitsi wamkulu wa sekondale yoyendera imene ndinaphunzirako, anabwera kunyumba kudzandipempha kuti ndikalankhule ndi ana, makamaka atsikana, za mwayi umene ulipo ku yunivesite, maphunziro oyenera kulimbikira ndi ntchito zimene injiniya amagwira. Anawonjezera kuti mawu okhaokha ana amawodzera nawo, bola ndikonze kanthu kooneka ndi maso. Ndinavomera ndi mtima wonse. Ndinali nditatopa n'kuyesedwa wokonza mawailesi.

Pakati pa makalasi ndi bwalo la mpira pasukulupo pali ngalande imene madzi a mvula anakumba, yakuya kufika m'chiuno, ndipo nkhumba za m'mudzi woyandikana ndi sukuluyo zinaisandutsa bafa. Ana ankachita kuzungulira kutali. Ndinaganiza zomangapo kamlatho ka nsungwi, koti ndiwaonetsere mmene zinthu zopepuka zimanyamulira zolemera zikalukidwa mwanzeru. Nsungwi ndinadula kudimba kwa bambo. Ndinawerengetsa zonse mosamala, m'mbali ndinalukamo timakona atatuatatu monga anatiphunzitsira, ndipo pomaliza manja anga anali matuza okhaokha. Ndinakayesa ndekha, kenako ndinawolokanso nditasenza thumba la chimanga. Sikanalire n'komwe.

Apa mumvetsetse bwino, chifukwa mlandu wonse wagona apa. Ndinawauza mayi Phiri momveka, m'Chichewa chosavuta, kuti kamlathoka n'kophunzitsira, kakufuna munthu mmodzi pa nthawi imodzi, woyenda pang'onopang'ono. Anagwedeza mutu kuti amva.

Tsiku litafika ndinapita ndikuyembekeza kalasi imodzi ya ana. Ndinapeza chinamtindi cha anthu. Makolo anali atadzaza pansi pa mitengo ya mango, amayi a kwaya atavala zofanana, ndipo munthu wina anali atamanga kansalu pakhomo pa kamlatho kanga kuti kadulidwe ndi sizasi. Pampando wakutsogolo panakhala a Mwale, wapampando wa komiti ya makolo, atavala suti imene amavala popita ku okushoni. A Mwale ndi mlimi wa fodya wa lole yakeyake, ndipo thupi lawo Mulungu analidalitsa mosaumira. Ndinayenera kuwasamala kwambiri munthu ameneyu. Mphwawo ali ndi kampani ya zomangamanga mumzinda wa Lilongwe, ndipo iwo anali atalonjeza bambo anga kuti adzandipezera malo kumeneko oyesererapo ntchito. Yunivesite yathu imafuna kuti aliyense akayeserere asanamalize, ndipo mwana wa kumudzi wopanda omudziwa amatha nsapato pofunafuna malo oterowo.

A Mwale analankhula nthawi yaitali. Kamlatho kanga anakatcha chitukuko chimene komiti yawo yabweretsa m'dera lino, ndipo anati ichi n'chiyambi chabe. (Komitiyo sinapereke ngakhale msomali umodzi.) Ine anandisiyira kanthawi kochepa, komabe ndinalankhula, ndipo ana anamvetsera. Mtsikana wina wa fomu fili anaimika dzanja n'kufunsa ngati munthu amene masamu amamuvuta pang'ono angathe kudzakhala injiniya. Ndinamuuza kuti inenso ankandivuta, ndipo ndinkalira nawo. Ndinaona nkhope yake ikuwala, ndipo mumtima ndinati ntchito imene ndinabwerera yatheka. Akanatibalalitsa pamenepo, bwenzi lero ndikuyenda pa Nsaru mutu uli m'mwamba.

Koma panali kansalu kaja. A Mwale anakadula, anthu anawomba m'manja, ndipo ndinaona mwendo wawo ukunyamuka kulunjika pansungwi. Ndinathamanga n'kunjuta patsogolo pawo mwaulemu wonse.

"Bambo, pepani, kamlathoka n'kophunzitsira chabe. Bola ayambe mwana wa sukulu, mmodzi yekha."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Kodi ukuti ndine wonenepa, eti? Mwanawe, ine ndawoloka Bua madzi atasefukira, lole itadzaza mabelo. Tinsungwi timeneti tindiopse?"

Anthu anaseka. Akanakwera okha, mwina kakanapirira, chifukwa powerengetsa ndinasiyako mpata. Koma anandigwira pamkono kuti injiniya ayenera kuoneka pachithunzi pamodzi ndi komiti, n'kundikokera pamwamba. Ali pomwepo anaitananso mayi Phiri. Ndinawayang'ana mayiwo ndi maso opempha, kuwakumbutsa zimene tinagwirizana, koma iwo anali kale kalikiliki kukonza wigi yawo. Anakwera. Mphunzitsi wina amene ankajambula ndi foni anati tatalikirana, tisunthire pakati tonse kuti tikwane. (Pakati, abale anga, ndi pamene mlatho uliwonse umavutika kwambiri. Zimenezi ndinali nditangofotokoza kumene, iye akuwomba nawo m'manja.)

Nsungwi zinayamba kudandaula pansi pa mapazi athu. Ndinanong'oneza a Mwale kuti titsike, koma nthawi yomweyo amayi a kwaya anayambitsa nyimbo, nthungululu zili pakamwa. A Mwale nyimbo sailola kudutsa. Anayamba ndi mapewa, kenako chiuno, kenako anayamba kupondaponda.

"Bambo, musavine!" ndinakuwa.

M'phokoso lija kaya anamva chiyani, koma anandimwetulira n'kuwonjezera moto.

Kamlatho kanga sikanathyoke mwamwano ayi. Kanayamba kagwada pang'onopang'ono ngati ng'ombe ya pangolo imene yatopa, kutipatsa nthawi yokwanira yoti tiyang'anane. Kenako kanangoti phwa, tonse atatu khuvu m'matope a nkhumba aja. Ine ndinagwa chagada, mayi Phiri anandigwera pamiyendo, ndipo a Mwale anakhala pansi bwinobwino ngati afika pampando, matope akuwalekeza pachifuwa. Nkhumba imodzi imene inali itagona chakumunsi inadzambatuka n'kuthawa ikulira. Wigi ya mayi Phiri inatsatira madzi.

Kenako ana a fomu wanu analephera kudzigwira, ndipo bwalo lonse linaphulika. Amuna anayi anachita kuwazula a Mwale ngati chitsa, nsapato imodzi n'kutsalira momwemo. Palibe anavulala, kupatula bondo langa limene linasupuka, koma za bondo langa palibe anafunsa. A Mwale atangoponda pouma anatembenuka, matope akuyenderera m'matumba a suti, n'kufunsa mokweza kuti aliyense amve:

"Ndi zimenezi zimene mukuphunzira ku yunivesiteko?"

Ndikutuluka m'ngalandemo chokwawa, ndinamva mayi wina akuuza mwana wake wamkazi kuti waona, ntchito zina n'za amuna. Mawu amenewo anandipweteka kuposa bondo. Ndinafuna kuimirira pampando n'kufotokoza kuti ndinanena, ndinachenjeza, ndinachita kunjuta. Koma munthu amene akununkha nkhumba palibe amamumvetsera.

Kunyumba ndinayesa kuwafotokozera bambo anga. Ndinawauza za kulemera kumene kamlathoko kanayenera kunyamula, ndi kusiyana kwa munthu woima ndi munthu wovina. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, manja ali kumbuyo.

"Masamu akowo ndawamva," anatero. "Vala chitenje, gwira tambala uyo, tiye."

Tinapita kwa a Mwale. Ine, amene ndinachenjeza, ndinagwada pabwalo pawo n'kupepesa chifukwa chowagwetsa. Tambala wathu, amene amayi ankasungira Khrisimasi yotsatira, analandiridwa ndi manja awiri. Suti ija anandipatsa kuti ndikachape, ndipo ndinaichapa. Nditaibweza yositasita, a Mwale anauza bambo kuti andikhululukira monga Mkhristu, koma za kwa mphwawo zija tiiwale, sangatumize kumeneko munthu womiza anthu. Mayi Phiri, amene akanatha kundiikira umboni, ankangoti zinachitika mwangozi, tisazikumbenso. Malo oyesererapo ntchito ndinadzawapeza ndekha patapita miyezi, nditagogoda maofesi mpaka alonda kundizolowera.

Sukulu itatsegulidwa ndinapita kwa mphunzitsi wathu wa za milatho, bambo wachikulire wosaseka wamba, kuti mwina iye yekha andimvetse. Ndisanayambe n'komwe anatulutsa foni yake. Kanema wa kugwa kwathu, amene anajambulidwa tsiku lija, anali atandiyambirira kufika. Anandifunsa mmene ndinawerengetsera, ndinamuonetsa, ndipo anavomera kuti masamu anali olondola. Mtima wanga unayamba kutsika. Kenako anandifunsa ngati ndinakulira kumudzi komweko, ndinati inde. Anafunsanso ngati ndinaonapo mwambo wotsegulira chinthu, kaya mjigo kaya chimbudzi cha sukulu, umene akuluakulu sanaunjikane pamodzi n'kuvina. Ndinati ayi.

"Ndiye unamangira anthu ati?" anatero. "Anthu omvera malangizo kulibe. Timamangira amene alipowa."

Sabata yotsatira anaonetsa kanemayo kalasi yonse, kawiri, kachiwiriko mochedwetsa kuti tione bwino pamene nsungwi inayambira kugonja. Anzanga anaphunzirapo zambiri, ndipo funso lake linabweranso pamayeso. Ndinalikhoza.

Phunzirolo ndinalimva, ndipo masiku ano chilichonse chimene ndikuwerengetsa ndimaikapo wapampando wovina, mphunzitsi wamkulu ndi kwaya yonse. Koma zoti ndinalakwa ine, ayi, zimenezo sindidzavomera. Ndipo tsiku limene ndidzamange mlatho weniweni wa simenti kwathu kuno, aliyense adzadutsa pamwamba, ngolo ndi njinga zomwe. A Mwale okha ndidzawaonetsa powolokera m'madzi.